Chandamale Pakhomo: Kumanga Kanyumba Kophunziriramo Mfuti ya Mpweya ndi Legeni

Tiyambe ndi za kuseri kwa mpanda

Mfuti za mpweya zalowa m'midzi yathu mwakachetechete. Ina anabwera nayo achimwene ochokera ku Joni, ina inagulidwa kwa mnzawo ku Limbe, ina ndi ya malemu agogo amene ankagwira ntchito kuesiteti. Ambiri timaitcha mfuti ya mbalame, ndipo dzina limeneli ndi lomwe limatigoneka tulo. Poti siifuna onga, siilira ngati ya asilikali, ndiponso machaka ake ndi ang'onoang'ono ngati njere za mapira, timaiyesa choseweretsa. Mnyamata amakoleka chitini pamtengo wa mango, n'kubwerera mapazi khumi, n'kuyamba kuombera. Palibe wofunsa kuti kuseri kwa mangowo kuli chiyani.

Ine ndinafunsa mochedwa. Tsiku lina mwana wa mlongo wanga ankaombera chitini chimene anachikoleka pampanda wa udzu, ine ndili pakhonde ndikumuchemerera kuti ali ndi diso. Madzulo ake mayi oyandikana nafe anabwera ndi beseni lapulasitiki lobooka pawiri. Linali pathandala la mbale kuseri kwa mpandawo, pomwe mwana wawo wamkazi amaima tsiku ndi tsiku potsuka. Mayiwo sanakalipe. Anangoliika pansi patsogolo panga n'kukhala chete. Kabuku kano kanayambira pa beseni limenelo.

Kuno ku Chiradzulu tilibe tchire lopanda mwini. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 356,875 m'boma laling'ono lino, kutanthauza anthu oposa 450 pa sikweya kilomita imodzi. Ndife amodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'dziko muno, ndipo aliyense amene anayendapo kuchoka pa Mbulumbuzi kupita ku Namitambo, kapena kwa Kadewere, kwa Mpama ndi kwa Likoswe, akudziwa kuti munda wa uyu umathera pakhonde pa uyo. Tsono kachipolopolo ka mfuti ya mpweya yamphamvu, kakaomberedwa mopendekera kumwamba, kamatha kuuluka mamita 300. Mutajambula bwalo la mamita 300 mozungulira nyumba yanu, mwachiwerengero cha boma lino mwatsekeramo anthu oposa 100, osawerengera mbuzi, nkhuku ndi ng'ombe zamkaka zimene zili m'makola.

N'chifukwa chake malo oomberapo amayambira kuchipupa chakumapeto, pamene kachipolopolo kakaimire. Mfuti, chandamale ndi luso zimabwera pambuyo. Ngati simungakwanitse kumanga chipupa chimenecho chaka chino, mfutiyo ikhale m'bokosi mpaka chaka chamawa.

Musanaumbe chidina n'chimodzi chomwe

Pitani kupolisi paboma kapena kupolisi imene muli nayo pafupi. Nkhani za mfuti m'Malawi zimayendera lamulo la Firearms Act la 1967, ndipo oyang'anira kalembera wa mfuti ndi apolisi. Auzeni mtundu wa mfutiyo, kukula kwa machaka ake, kumene inachokera ndi chimene mukufuna kuchita nayo, iwo akuuzeni zoyenera kutsata. Musanyamule mfutiyo poyera popita kumeneko. Tengani chithunzi pafoni ndi mapepala ake ngati alipo. Mawu a wogulitsa akuti "iyi siifuna chilolezo" musawatenge ngati lamulo. Iyeyo akufuna ndalama yanu, ndipo tsiku la mlandu sadzakhalapo.

Mukachoka kupolisi, kaoneni amfumu ndi eni mbumba. Ambiri mwa abambo a kuno tili pachikamwini, ndipo malo amene tikufuna kumangapo ali ndi eni ake. Amalume a ana adziwe, apongozi adziwe, oyandikana nawo mbali zonse adziwe. Mfuti si mawu opepuka m'boma lino. Kuchokera mu January 1915, pamene anthu a John Chilembwe ananyamuka ku Mbombwe, mbiri yathu ili ndi fungo la onga, ndipo masiku ano munthu akamva kuti kwa auje kuli mfuti amayamba waganiza za achifwamba. Mphekesera yotere muitsekereze isanabadwe. Aitaneni aneba adzaone chipupa chikumangidwa, achigwire ndi manja awo. Mugwirizanenso nthawi yoombera. Masana dzuwa litapendeka ndi bwino, koma osati pa maliro, osati nthawi ya mapemphero kutchalitchi kapena kumzikiti wapafupi, ndipo osati usiku.

Kusankha malo ndi muyeso

Funani mbali ya pakhomo imene kumapeto kwake kulibe njira, chitsime, bafa, khitchini, khola kapena bwalo losewerera ana. Ngati pali chulu kapena mtunda wokwera, lozetsani kanyumbako kumeneko kuti dothi likhale mlonda wachiwiri. Thanthwe si mlonda: mwala umabweza machaka. Amene muli m'mphepete mwa phiri la Chiradzulu, kumene miyala ili ponseponse, musamale kwambiri pamenepa.

Pamipikisano ya dziko lonse, kuphatikizapo ya Olympics kumene mfuti zazitali za mpweya zinayamba kupikisana mu 1984 ku Los Angeles, woombera amaima mamita 10 kuchokera pachandamale. Kuti mupeze mamita 10 oomberamo, kanyumba kafunika kutalika mamita 12 mkati mwake, poti pafunika malo oimapo munthu ndi malo a chogwira machaka. Mabanja ambiri a kuno alibe malo otere, ndipo musadandaule nazo. Ku England, makamaka kudera la Birmingham, anthu akhala akupikisana kwa zaka zoposa 100 pa mtunda wa mayadi 6, amene ndi mamita 5 ndi theka basi. Kanyumba ka mamita 7 ndi theka m'litali, mamita 2 m'lifupi ndi mamita 2.2 kutalika kwa zipupa n'kokwanira. Wophunzira amene akulasa bwino kadontho kakang'ono pa mamita 5 waphunzira zonse zofunika.

Ngati muli kale ndi kanyumba kosungiramo makasu, njinga ndi mankhwala opopera tomato, mukhoza kukatalikitsa. Koma dziwani kuti kakasanduka koomberamo, chimanga, nandolo, madeya ndi chakudya cha ng'ombe zichokemo mpaka kalekale. Chifukwa chake tichifotokoza tikafika pa mtovu.

Zipupa ndi denga

Apa tikhalitsepo, chifukwa ntchito yonse yagona apa.

Udzu, bango, nsungwi, mphasa, makatoni ndi pulasitiki zimabisa munthu kumaso kokha, machaka amangodutsa. Malata nawonso musawadalire. Malata opyapyala amene ambiri timafolera nyumba amabooka mosavuta, ndipo akapanda kubooka amatembenuza kachipolopolo n'kukatumiza kumene simunaloze. Thabwa lolimba ngati la bulugamu wouma ndi tayala lagalimoto n'zoipa koposa: mfuti ikakhala yofooka, kachipolopolo kamanjanja n'kubwerera kumaso kwa woombera. Anthu ambiri amathamangira matayala poganiza kuti mphira ndi wofewa. Matayala asalowe m'kanyumbaka.

Chimene chimagwira bwino ntchito ndi chomwe tili nacho chambiri: dothi. Zidina zimameza kachipolopolo m'malo mokabweza. Zipupa zam'mbali mumange ndi zidina kapena njerwa zootcha monga mumangira nyumba, popanda mpata pakati pa njerwa ndi njerwa. Chipupa chakumapeto chikhale chophatikiza, njerwa ziwiri m'lifupi mwake, ndipo chifike mpaka kudenga osasiya mpata umene timasiya pansi pa malata. Ngati mwamanga ndi njerwa zootcha kapena mabuloko a simenti, mkati mwake mumate dothi lochindikala, kenaka musanjikize matumba a mchenga kutsogolo kwake kuyambira pansi mpaka kupitirira mutu wa munthu wamtali.

Matumba a feteleza a makilogalamu 50 ndi abwino. Achapeni, muwadzaze mchenga wosefa, wopanda timiyala, muwagoneke chammbali mosinthanitsa ngati mmene amasanjira njerwa kuti pasakhale mng'alu woongoka kuchoka pansi kufika pamwamba. Musawadzaze mpaka kuuma gwa. Thumba lofewerapo limakhazikika bwino pa linzake. Thumba likang'ambika ndi machaka, livekeni thumba lina pamwamba pake.

Zidina zili ndi mdani mmodzi, madzi. Tonse tikukumbukira March 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba zambirimbiri kuno kummwera ndipo matope ochokera m'phiri anakokolola mudzi wa Ntauchila kwa Likoswe. Ngakhale chiperoni chabe chimanyowetsa chipupa masiku angapo osauma. Choncho maziko akhale a miyala kapena njerwa zootcha, akwere masentimita 30 pamwamba pa nthaka, muyale pepala lapulasitiki lakuda pamwamba pake musanayambe kusanja zidina. Denga litulukire kunja masentimita 50 mbali zonse, ndipo mukumbe ngalande yopatutsa madzi kumtunda kwa kanyumbako. Umbani zidina ndi kumanga m'chilimwe, pakati pa June ndi October. Mvula ikatha chaka chilichonse, yenderani chipupa chakumapeto mkati ndi kunja. Mng'alu wolowa chala ndi khomo la kachipolopolo.

Tsopano denga. Wophunzira akadzidzimuka n'kukhethemula msanga, kawirikawiri mfuti imakhala italoza m'mwamba. Malata tanena kale kuti sagwira. Njira yake ndi kupachika zotchinga pamitanda ya denga, ziwiri kapena zitatu motsatizana kuchoka pakati pa kanyumba kufika kuchandamale. Chotchinga chilichonse chikhale thabwa la paini lochindikala masentimita 4 kapena 5, lolendewera pansi masentimita 40, ndipo kumaso kwake, mbali yoyang'ana woombera, mukhomereko bulangete lakutha lopinda kanayi kapena masaka okhuthala. Poyesa, imani pamalo oombera, kenaka khalani pampando, muyang'ane kutsogolo. Ngati mukuona lata kapena kuwala kwa kunja pena paliponse kutsogolo kwanu, ntchito sinathe. Chimene diso lanu likuona kuchokera pamenepo, kachipolopolo kangathe kuchifika.

Chitseko chikhale chimodzi chokha, kumbuyo kwa woombera, chokhala ndi chotsekera cham'kati ndi loko wakunja. Kutsogolo kwa mzere woombera kusakhale zenera kapena chitseko, ngakhale kabowo kolowera mphaka. Mwana wokwawa, nkhuku ndi galu sadziwa kuti mkati mukuchitika chiyani. Mazenera olowetsa mpweya muwaike kumbuyo ndi m'mbali mwa woombera, m'mwamba. Kuti chandamale chioneke, ikani nyale ya sola kuseri kwa chotchinga chomalizira, iunikire pepala koma inu musaione. Pansi muzire bwino kapena muike simenti yosalala, ndipo mulembe mzere ndi laimu kapena penti pamene woombera aziima.

Chogwira machaka

Matumba a mchenga ndi ogwira machaka osochera. Machaka olasa bwino akhale ndi bokosi lawolawo, kuti mtovu usamwazike. Kalipentala aliyense wa pa Yasini kapena pa Namadzi akhoza kukukhomerani bokosi la matabwa a paini, masentimita 40 m'litali, 40 m'lifupi ndi 30 kulowa mkati, lotseguka kumaso. Kumbuyo kwake, mkati, muike chitsulo chafulati chochindikala mamilimita 3, chimene owotcherera amakhala nacho. Mudzaze bokosilo ndi nsanza, zotsala za atelala kapena zovala zakaunjika zimene zakanika kugulika, mutachotsa mabatani ndi mazipi. Zitsendereni ndi phazi mpaka zithinane. Kumaso mutseke ndi makatoni awiri kapena atatu, ndipo pepala la chandamale muzimata pamakatonipo. Matabwa a m'mphepete mwa bokosi muwakute ndi nsanza, poti nawonso akhoza kubweza kachipolopolo. Musapachike pepala ndi misomali. Ulusi kapena phala la ufa wa chinangwa n'zokwanira.

Bokosilo likhale pamatumba a mchenga, pakati pa chandamale pakhale mamita 1.4 kuchoka pansi ngati mukuombera choimirira. Umenewu ndi muyeso wa pamipikisano. Poombera chokhala, litsitseni lifanane ndi phewa la woombera, kuti mfuti izikhala yogona mowongoka, osaloza kumwamba.

Musanalole mwana aliyense kulowamo, liyeseni nokha. Valani magalasi, ombani kakhumi pamalo amodzi, kenaka tsegulani muone pamene machaka afika. Ngati adutsa theka la nsanzazo, onjezerani ndi kutsenderanso. Mukamva kuti "ngwee" pachitsulo chakumbuyo, siyani kuombera tsiku limenelo mpaka mutakonza. Pakati pamafooka msanga chifukwa ndi pamene aliyense amalasa, choncho muzitembenuza nsanzazo mukamaliza chitini chilichonse cha machaka, chomwe nthawi zambiri chimakhala ndi 500.

Mawu awiri pa machakawo. Mfuti zambiri zimadya a mamilimita 4.5 kapena 5.5, ndipo nambalayo imalembedwa pampope. Gulani oyenera mfuti yanu, a mutu wafulati, amene amaboola pepala bwino ndipo salowerera kwambiri. Timipira tachitsulo tozungulira, tokhala ngati ta m'habu ya njinga, timanjanja moopsa pa chilichonse cholimba. M'kanyumba kakang'ono tisalowe. Misomali, timiyala, nthangala ndi machaka otoleza pansi zimawononga mpope ndipo zimapita kumene zafuna. Mabotolo, zitini ndi ndalama zachitsulo zisakhale chandamale. Pepala ndi makala ojambulira kadontho n'zokwanira.

Mtovu

Machaka amapangidwa ndi mtovu, ndipo mtovu ndi poizoni wosamvetsa kuwawa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Umawononga ubongo wa mwana amene akukula, ndipo mayi woyembekezera amaupatsira kwa mwana ali m'mimba. Nthawi zambiri mwana sadwala mooneka. Amangovutika kugwira zakusukulu, ndipo zimenezo sizibwerera. N'chifukwa chake maiko anachotsa mtovu mu petulo. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti ife tiubweretse pakhomo ndi manja athu.

Chizolowezi choyamba kuchithetsa ndi chosunga machaka m'kamwa. Anyamata ambiri amatero kuti azithira msanga. Ikani machaka m'chitini chake patebulo. M'kanyumbamo musadyeremo, musamweremo, musasutiremo, ndipo aliyense potuluka asambe m'manja ndi sopo asanagwire nsima, mango kapena mwana. Ikani chigubu cha mponda giya ndi sopo pakhomo pomwepo kuti pasakhale chowiringula. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana aang'ono asalowemo.

Musasese ndi tsache pouma, chifukwa fumbi la mtovu limauluka n'kulowa m'mphuno. Wazani madzi, mukolope ndi chinsanza chimene ntchito yake ndi yomweyo basi, ndipo madziwo musathire m'dimba, pafupi ndi chitsime kapena pamene nkhuku zimapalasa. Nkhuku ndi abakha amatola machaka ngati timiyala, mtovu n'kukhala m'nthutumba, n'kulowa m'nyama ndi m'mazira. Machaka otha ntchito muwasonkhanitse m'botolo lotseka, lolembedwa, losungidwa m'kanyumba momwemo, ndipo likadzaza mukapereke kwa ogula zitsulo zakutha. Musawasungunule pamoto kuti muumbe ena, ndipo mphika kapena chiwaya chophikira chisakhudzane nawo. Nsanza zakale za m'bokosi musazitenthe ndipo ana asaumbire mpira.

Pa chifukwa chomwechi, kuombera makoswe m'nkhokwe kapena m'chipinda chosungira matumba a chimanga n'kulakwitsa. Khoswe mmodzi afa, koma machaka asanu atsala m'chimanga chopita kuchigayo. Msampha ndi mphaka zimagwira ntchitoyo bwino.

Malamulo a m'kanyumba

Alembeni pachitseko, ndipo mlendo aliyense awawerenge mokweza asanalowe.

Mfuti iliyonse itengedwe ngati yothira kale, ngakhale mwaiona nokha kuti ilibe kanthu. Kukamwa kwake kuziloza kuchipupa chakumapeto nthawi zonse, pothira, poyankhula ndi poiika pansi. Chala chisakhudze chokhethemulira mpaka diso litakhazikika pachandamale. Aliyense amene ali mkati avale magalasi oteteza maso, oyera, a mtundu umene amavala ogaya zitsulo. M'mashopu a zipangizo zomangira ku Limbe amapezeka. Magalasi adzuwa ndi owerengera sateteza. Mkati mukhale anthu awiri okha, woombera ndi womuyang'anira, chitseko chili chotseka. Wopita kukasintha pepala apite mfuti itathyoledwa pakati, ili yopanda kanthu, itagona patebulo, ndipo mnzakeyo manja ali kumbuyo. Aliyense, ngakhale wamng'ono, ali ndi ufulu wofuula kuti "Imani!" ndipo mawuwo akamveka zonse ziime. Amene walawa mowa, kaya ndi kachasu kaya ndi masese, asayandikire.

Mwana asaombere popanda munthu wamkulu woima pambali pake, pafupi moti n'kugwira mpope ndi dzanja. Mchimwene wake wa Fomu 2 si munthu wamkulu. Ndipo atsikana musawasiye kunja. Masewerowa safuna nyonga zambiri. Amafuna kudekha ndi kumvera, ndipo pamipikisano ikuluikulu akazi amalasa mofanana ndi amuna.

Mfuti zambiri zopezeka kuno ndi zothyola pakati, zokhala ndi sipuling'i mkati. Sipuling'i imeneyo ndi yamphamvu kuposa mmene imaonekera. Pothira kachipolopolo, dzanja limodzi ligwiritse mpope osausiya, chifukwa ukabwerera wokha umaphwanya zala ndipo umatha kumenya nkhope. Musaikhethemule ilibe kachipolopolo, imawonongeka mkati. Musathire mafuta a njinga, a makina osokera kapena ophikira m'kabowo kotulukira mpweya. Mafuta amayaka ndi kupanikizika kwa mpweyawo, mfuti n'kuphulika ngati ya onga ndi kutha msanga. Kunja kokha muzipukuta ndi kansalu ka mafuta pang'ono, makamaka nyengo ya chiperoni pamene dzimbiri limagwira msanga.

Mukamaliza, mfuti isagone m'kanyumbako. Ikhale m'nyumba, m'bokosi kapena m'kabati yokhoma, yosathira ndiponso yosakoka. Machaka akhale pena, okhomeredwanso, ndipo makiyi aziyenda ndi inu. Pansi pa matiresi ndi pamwamba pa chipupa ana amapadziwa kale.

Kuphunzira kulasa

Yambani chokhala pampando, kutsogolo kwa mfuti kutatsamira padzanja lanu, dzanjalo lili pathumba la mchenga kapena la utuchi. Mfuti ya sipuling'i imafuna kugwiridwa mofewa ndiponso mofanana nthawi zonse. Mukaifinya mwamphamvu machaka amabalalika. Pumirani mkati, tulutsani mpweya pang'ono, imani, kenaka kokani chala pang'onopang'ono mpaka mfuti ilire yokha. Ikalira musadzutse mutu msanga. Werengani kawiri muli chiyang'anire.

Ombani kasanu pa kadontho kamodzi osasintha kanthu. Musade nkhawa kuti machaka agwera kumanzere kapena m'munsi. Choyamba n'chakuti agwere pamodzi. Mabowo asanuwo akayamba kukwana pansi pa chitsekerero cha botolo, ndiye musunthe choyang'anira chakumbuyo, kulowera mbali imene mukufuna kuti machaka apite. Lembani tsiku ndi dzina papepala lililonse n'kusunga, mwana aziona yekha mmene akusunthira. Kuti adziwe kutalika kwa ulendowu, muuzeni kuti pa Olympics kadontho kapakati pa chandamale cha mamita 10 n'kotambalala theka la milimita, ngati kadontho kothera chiganizo m'kabuku kano.

Legeni ndi uta

Makomo ambiri alibe mfuti ya mpweya, koma mnyamata wopanda legeni m'thumba ndi wosowa. Legeni imaphulitsa diso chimodzimodzi, ndipo kanyumba komweka kakhoza kuthandiza. Kusiyana kwake n'kwakuti mwala umanjanja kwambiri, choncho m'kati muno mwala usalowe. Ana aumbe timipira ta dothi n'kutiyanika padzuwa osatiotcha. Tikamenya chinthu timangofumbutuka. Kutsogolo kwa matumba a mchenga mupachike bulangete kapena saka lolendewera momasuka, losamangidwa m'munsi, kuti lizimeza mphamvu. Muziyang'ana mphira nthawi zonse musanakoke, makamaka pomangira, chifukwa ukaduka umabwerera kudiso. Magalasi avalidwe ngati poombera mfuti.

Uta umafuna malo otalikirapo ndi chogwira mivi chochindikala, monga matumba otsendera udzu ndi mapulasitiki, choncho kanyumba ka mamita 7 ndi theka n'kongoyambirapo chabe. Koma mwana wokonda uta musamugwetse ulesi. Areneo David, mnyamata wa ku Malawi konkuno, anakaimira dziko lino pa mpikisano wa uta ndi mivi ku Olympics ya ku Rio de Janeiro mu 2016, ndipo anapitanso ku Tokyo. Kumeneko chandamale chimakhala pa mamita 70.

Zimene mfuti imeneyi si ntchito yake

Ndikudziwa kuti ena mukuwerenga muli ndi apusi m'maganizo, amene amatsika m'phiri kudzathyola chimanga, kapena mpheta za m'mapira, kapena galu wa aneba wakuba mazira. Mfuti ya mpweya siipha pusi kapena galu nthawi yomweyo. Imamusiya ndi kachipolopolo m'thupi, chilonda n'kumanyeka masabata, ndipo galu wovulala amaluma. Za nyama zowononga mbewu kauzeni alangizi a zaulimi ndi a nthambi yoona za nyama zakutchire. Za agalu oyendayenda kauzeni alangizi a ziweto ndi amfumu. Lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limateteza nyama ndi mbalame zambiri, ndipo zilango zake n'zowawa. Komanso akadzidzi ndi mphamba zimene anyamata amakonda kulasa ndi zomwe zimatichepetsera makoswe ndi mbewa m'minda.

Mfutiyi siyoopsezeranso akuba. Usiku imaoneka ngati mfuti yeniyeni, ndipo wakuba, wapolisi kapena gulu la achitetezo cham'mudzi adzakuyankhani ngati mwanyamula yeniyeni. Musapite nayo kumsika, kumpira kapena kudimba, ndipo achinyamata asajambulitse nayo zithunzi zoika pa Facebook ndi pa WhatsApp. Kuloza munthu, ngakhale mwanthabwala, ngakhale ilibe kanthu, ndi mlandu ndiponso ndi mapeto a masewerowa pakhomo panu.

Ngozi ikachitika

Bala la kachipolopolo limaoneka laling'ono, magazi ake ochepa, ndipo apa ndi pamene mabanja amachedwera. Kakalowa m'mutu, m'khosi, pachifuwa kapena pamimba, kakhoza kupha munthu amene akuyenda ndi kuyankhula bwinobwino. Musakafufuze ndi singano, lezala kapena minga. Phimbani ndi nsalu yoyera, sindikizani ngati pakutuluka magazi, ndipo nyamukani nthawi yomweyo. Ngati m'mudzi mwanu njinga yamoto ya kabaza imasowa, sungani nambala za oyendetsa awiri pachitseko cha kanyumbako.

Likakhala diso, musalitikite, musalitsuke, musalisindikize ndipo musayese kuchotsa chimene chalowa. Musadonthezeremo mkaka wa m'mawere, madzi a masamba, shuga kapena mankhwala otsala a munthu wina. Dulani kapu yapulasitiki yoyera, muivundikire padisopo mosakhudza, muimange ndi kansalu mofewa. Wovulalayo asadye kanthu panjira, poti mwina akafunika opaleshoni. Pitani kuchipatala chachikulu cha boma la Chiradzulu, ku St Joseph's ku Nguludi, kapena kuchipatala chaching'ono chimene muli nacho pafupi monga cha Namitambo kapena Namadzi kuti akutumizeni. Chipatala cha maso cha Lions Sight First chili ku Queen Elizabeth Central Hospital mu Blantyre, ndipo diso lobooka limafuna kufika kumeneko tsiku lomwelo. Tengani buku la kuchipatala kuti aone za katemera wa kafumbata, ndipo tengani chitini cha machakawo adokotala adziwe chimene akufunafuna.

Kuchipatala ndi kupolisi nenani zoona. Makolo ena amanama kuti mwana wagwera pachitsa poopa mlandu, dokotala n'kusoka bala kachipolopolo kali mkati. Chonde, makolo anzanga, uzani adokotala kuti ndi mfuti ya mpweya, nthawi imene zachitika ndi mtunda umene mwanayo anaima.